Kujambula ndege ya asilikali cham'mbali: pomwe waluso amaloledwa kunama ndi pomwe saloledwa

Mwana wokulira ku Matawale, ku Zomba, ndege amaidziwa ndi khutu asanaione ndi maso. Ikangolira cha ku Airwing, bwalo la ndege za asilikali, tinkasiya mpira wachikulunga pabwalo n'kuyang'ana kumwamba, dzanja pachipumi. Mawa lake kusukulu, masamba akumapeto a kope la masamu ankadzaza ndege zokhazokha. Tonse tinkajambula mofanana: mphuno kumanzere, mchira kumanja, timawindo tondondozana pakati, phiko limodzi longomatapo. Palibe anatiphunzitsa, komatu chomwe tinkayesa kuchitacho n'chomwe akatswiri ojambula ndege za asilikali akuchita mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amachita ndi muyeso.

Ine masana ndimakonza makhadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi mabanala pa kompyuta. Usiku, magetsi akalola, ndimajambula ndege. Mtundu wa chithunzi umene ndikunena pano pa Chingerezi amautcha profile, ife tingoti chithunzi cha cham'mbali. Ndege imaoneka mbali imodzi yokha, itaima pa pepala loyera, popanda mtambo, phiri kapena munthu. Mumazipeza m'mabuku a mbiri ya nkhondo komanso pa mabokosi a tindege tomanga ndi guluu. Kale ankazijambula ndi pensulo n'kuwaza utoto ndi kamfuti ka mpweya, lero pafupifupi onse amagwiritsa ntchito kompyuta. Ukachiona chimaoneka chosavuta. Nanenso ndinkatero.

Chithunzi chotere ndi muyeso wovala utoto. Muli malo amene wojambula amayenera kunama kuti diso likhulupirire, ndipo muli malo ena amene akanama ngakhale pang'ono, ntchito yonse yapita m'madzi. Kudziwa pulogalamu ya pa kompyuta n'kwa masabata ochepa chabe. Chomwe chimatenga zaka ndi kusiyanitsa malo awiriwa.

Tiyambe ndi mfundo yodabwitsa: palibe munthu anaionapo ndege mmene imaonekera pa chithunzi cha cham'mbali. Kaimeni pa depoti pafupi ndi minibasi, pakatikati pake, mapazi atatu okha kuchokera pa chitseko. Chitseko chioneka chachikulu, kutsogolo ndi kumbuyo kuoneka ngati kukuthawa, tayala lakutsogolo mukuliona mopendekera kwina, lakumbuyo kwinanso. Chapafupi chimakula, chakutali chimachepa, ndipo kamera nayo imaona chimodzimodzi. Pa ndege vutoli ndi lalikulu kwambiri chifukwa phiko limaloza kwa inu. Ndege ya Dornier 228 mapiko ake kuchokera nsonga iyi kufika nsonga inayo ndi mamita 16.97, kutanthauza kuti nsonga ya phiko ili pafupi nanu ndi mamita pafupifupi 8 kuposa thunthu la ndegeyo. Pa chithunzi cha kamera injini imafufuma n'kubisa mawindo omwe siiyenera kubisa. Chithunzi cha cham'mbali chimachotsa zonsezi. Chimajambulidwa ngati kachigawo kalikonse mukukayang'ana molunjika, monga pulani ya nyumba imene mmisiri amawerenga. Munthu atha kuika rula pa pepala n'kudziwa kutalika kwenikweni kwa chitseko kapena mchira.

N'chifukwa chake njira yachidule imene aliyense amayamba nayo, yotenga chithunzi pa intaneti n'kumatsatira m'mphepete mwake ndi mausi, imabala ndege yopunduka. Zithunzi za kamera n'zofunika kwambiri, koma ntchito yake ndi kukuuzani zomwe zili pa ndegeyo, osati kukula kwake. Chomwe chingathandizeko pa muyeso ndi chija chojambulidwa patali ndi lenzi yokoka, wojambulayo ataima moyang'anizana ndi pakati pa ndege. Cha foni chojambulidwa pafupi ndiye ayi, chimapinda mizere yowongoka.

Maziko enieni ndi mapulani a mbali zitatu: cham'mbali, pamwamba ndi kutsogolo. Amapezeka m'mabuku a kampani yopanga ndegeyo ndi m'magazini a okonda ndege. Koma nawonso amajambulidwa ndi anthu, ndipo ambiri omwe akuyendayenda pa intaneti anatambasuka powakopera. Musanawakhulupirire, ayeseni ndi manambala odziwika. Dornier 228 ya mtundu wa 200 ndi yaitali mamita 16.56, msinkhu wake kufika pansonga ya mchira ndi mamita 4.86. Gawani nambala yoyambayo ndi yachiwiri, mupeza 3.4. Yezani pulani yanu, gawaninso. Mukapeza 3.1 kapena 3.7, pulaniyo ndi yabodza kapena ndi ya ndege ina. Mtundu wa 100, womwe unkanyamula anthu 15 m'malo mwa 19, ndi waufupi ndi mita imodzi ndi theka, ndipo kwa diso losazolowera ziwirizi ndi mapasa.

Ndikutchula Dornier kawirikawiri chifukwa ndiyo yathu. Gulu la ndege la asilikali a Malawi linayamba m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi dziko la West Germany, ndipo ndege zoyamba zinali za kampani ya Dornier: Do 27 ya injini imodzi, Do 28 ya mainjini awiri, kenako 228 yomwe inauluka koyamba ku Germany mu 1981. Kwa wojambula, Do 28 ija yotchedwa Skyservant ndi yosangalatsa, chifukwa mainjini ake sali pa phiko lalikulu. Ali pa timapiko tating'ono m'munsi mwa thunthu, matayala ake okutidwa akulendewera pansi pa mainjiniwo. Ukaijambula molondola, osaidziwa amati walakwitsa.

Apa ndiye pamabwera funso lomwe oyamba kumene salifunsa: ndege iti, chaka chiti? Simungajambule "Spitfire" basi. Spitfire, ndege yomenyera nkhondo ya ku Britain, inauluka koyamba pa 5 March 1936, ndipo pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inasintha kambirimbiri. Mk V inali ndi pulopela ya masamba atatu, Mk IX ya masamba anayi ndi mphuno yotalikirapo, Mk XIV ya masamba asanu ndi injini ina ya Griffon. Utoto nawo unasintha: kufika mu August 1941 ndege zomenyera nkhondo masana za RAF (gulu la ndege la asilikali a Britain) ku Britain komweko zinali zobiriwira ndi zofiirira pamwamba, kuchokera pamenepo zobiriwira ndi zotuwa. Mukatenga thupi la 1944 n'kuliveka utoto wa 1940, mwajambula chinthu chomwe sichinakhaleko. Chikhoza kukongola ndithu, koma ndi chikomekome cha nkhuyu. Chithunzi chabwino chimanena za ndege imodzi, ya nambala yakutiyakuti, ya gulu lakutilakuti, m'nyengo yakutiyakuti, ndipo mawu amenewa amalembedwa pansi pake.

Nkhani ya nambala ndinkaitenga mopepuka. Ndikasowa chithunzi chooneka bwino, ndinkangopeka nambala yooneka ngati yoona. Pa 10 June 2024 Dornier 228 ya asilikali athu inagwa ku Chikangawa, n'kutitengera wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Kuno ku Zomba maliro amenewo anali apakhomo, poti m'ndegemo munalinso asilikali oiyendetsa. Kuchokera nthawi imeneyo ndinasiya kupeka. Nambala ya pa mchira ndi dzina la ndege imodzi yeniyeni yomwe inanyamula anthu enieni. Ngati sindinaione pa chithunzi chodalirika, ndimasiya malowo opanda kanthu.

Mukasankha ndege, sankhani kukula kwa pepala, chifukwa ndiko kumalamula zina zonse. Okonda ndege anazolowera sikelo ziwiri, 1:72 ndi 1:48, kutanthauza kuti ndege yachepetsedwa ka 72 kapena ka 48. Pa 1:72 Dornier yathu ija imatalika masentimita 23, yokwana pa A4. Pa 1:48 ndi masentimita 34.5, yokwana pa A3. Kuti chipulintidwe bwino pamafunika timadontho (mapikiselo) 300 pa inchi iliyonse, choncho A3 yogoneka ndi mapikiselo 4961 m'litali ndi 3508 m'lifupi, ndipo mita imodzi ya ndege yeniyeni imadya mapikiselo pafupifupi 246. Sungani nambala imeneyi, tibwererako.

Za mapulogalamu sindichedwapo. Alipo a mitundu iwiri. A mtundu woyamba, monga Inkscape, CorelDRAW ndi Adobe Illustrator, sasunga timadontho. Amasunga malangizo: mzere uchoke apa, upinde chonchi, ukathere apo. Chithunzi chotere mutha kuchikulitsa kufika pa chikwangwani cha mumsewu osachita chimbuuzi. A mtundu wachiwiri, monga GIMP, Krita ndi Photoshop, amagwira ndi timadontho ngati mikanda yoyalidwa pa mphasa, ndipo ndi abwino pa mithunzi ndi litsiro. Inkscape, GIMP ndi Krita ndi aulere, bandulo yotsitsira basi. Ine mizere ndi zilembo ndimapangira mu Inkscape, utoto ndi mithunzi mu Krita. Ndaonapo ntchito yochititsa kaso yopangidwa ndi mausi wamba, ndaonaponso zonyansa zopangidwa ndi cholembera chamakono chodula.

Chida chachikulu pojambula mizere ndi chomwe chimatchedwa Bézier, dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya magalimoto ya Renault yemwe ankagwiritsa ntchito masamu amenewa m'zaka za m'ma 1960 pokonza maonekedwe a galimoto. Mumakhoma mfundo, mfundo iliyonse ili ndi timanja tiwiri tomwe mukakoka, mzere umapinda. Amene anaonapo woluka lichero akupinda nsungwi ya m'mphepete amvetsa msanga. Sagwira paliponse. Amagwira malo awiri kapena atatu, nsungwiyo imadzipindira yokha mosalala. Woyamba kumene amakhoma mfundo makumi asanu pa msana wa ndege poganiza kuti ndiko kusamala, mapeto ake msana umatuluka wa mabampu ngati msewu wafumbi mvula itatha. Mfundo zochepa zoikidwa pomwe mzere ukusintha njira ndizo zimabala msana woongoka bwino. Mphuno ya Dornier, yaitali ndi yoweramira pansi ija, imatheka ndi mfundo zosakwana khumi.

Chigawo chilichonse chikhale pa leya yakeyake. Maleya ali ngati mapepala a pulasitiki oonekera osanjikizana: lina thunthu, lina phiko, lina injini, lina matayala, lina magalasi. Mukalakwitsa tayala simukhudza phiko. Komanso mukamaliza thupi limodzi bwinobwino, mutha kuliveka mautoto osiyanasiyana a zaka zosiyanasiyana osayambiranso. Koma samalani ndi laputopu zathu zogula pa kaunjikazi. Leya imodzi yodzaza pa A3 imatha kudya mamegabaiti pafupifupi 70, ndiye maleya 60 ndi magigabaiti oposa 4. Makina a RAM yochepa amayamba kupuma movutikira, ndipo ndi nthawi yomweyo imene magetsi amathima. Ndinatayapo ntchito ya usiku wonse motero, batire litafa kale. Tsopano chala chimasindikiza Ctrl ndi S chokha kuti ntchito isungike, ngakhale ndikuyankhula ndi munthu.

Bodza loyamba lololedwa ndi ili. Thupi la ndege ndi malata ambirimbiri olumikizidwa ndi marivete. Mpata wa pakati pa malata awiri ndi mamilimita ochepa chabe. Tanena kuti mita imodzi ndi mapikiselo 246, ndiye pikiselo imodzi ndi mamilimita 4. Kunena zoona, mizere yambiri ya malata siyikwana n'komwe pikiselo imodzi, ndipo mutaima patali pomwe ndege yonse ikuoneka kukula ngati pepala la A3, simungaione. Koma mukaisiya, chithunzi chimaoneka ngati chidole cha pulasitiki. Choncho timaijambula yonenepa kuposa mmene ilili, n'kuichepetsa mphamvu kuti isakuwe: osati yakuda bii, koma yoderako pang'ono kuposa utoto womwe yadutsapo, ndi kamzere kowala kotsatira m'munsi mwake kuti ioneke ngati ngalande. Kunenepa kwa mzere mutha kunama. Malo ake ayi. Mzere uliwonse uli pomwe uli chifukwa pansi pake pali nthiti ya ndege kapena kachitseko komwe makaniko amatsegula, ndipo wodziwa ndegeyo akaona kachitseko pamalo olakwika amadziwiratu kuti munangolota.

Mwambo wake ndi woti mphuno iloze kumanzere, kuonetsa mbali yamanzere ya ndege, komwe nthawi zambiri kumakhala chitseko cholowera. Wina akakupemphani mbali yamanja, musangotembenuza chithunzi ndi batani. Zilembo zibwerera chammbuyo, chitseko chipezeka komwe kulibe, ndipo mabanga a utoto wobisalira sakhala ofanana mbali ziwirizi.

Utoto ndiye nkhalango. Asilikali sapaka "chobiriwira" chilichonse. Maiko ambiri ali ndi kaundula wa mitundu wokhala ndi manambala. Ku America, kufika mu 2017, unali FS 595, momwe mtundu uliwonse uli ndi manambala asanu: yoyamba imanena kunyezimira kwake, 1 wonyezimira, 2 wapakatikati, 3 wosanyezimira, yachiwiri imanena banja la mtunduwo, monga 4 obiriwira, 5 a buluu, 6 otuwa. Ku Britain kuli BS 381C, ku Germany RAL, ndipo ndege za Germany za nthawi ya nkhondo yachiwiri zinkatsatira manambala a RLM. Mukadziwa nambala, muli ndi poyambira. Ndikuti poyambira chabe, chifukwa utoto wa m'chitini ndi wa pa ndege yomwe yakhala padzuwa la October zaka zitatu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Komanso chinthu chachikulu ukachichepetsa pa pepala, mtundu wake weniweni umaoneka wakuda kwambiri, choncho timauwalitsako pang'ono. Limeneli ndi bodza lachiwiri lololedwa.

Msampha woopsa uli m'zithunzi zakale zopanda mitundu. Munthu amaona malo oderako n'kuganiza kuti panali utoto wakuda. Koma mafilimu ena akale sankaona bwino kufiira ndi chikasu: mitundu imeneyi inkatuluka yakuda, pomwe buluu ankatuluka woyererako. Mkombero wachikasu wozungulira chizindikiro cha RAF pa zithunzi zotere umaoneka wakuda, ndipo wosadziwa amaujambula wakuda. Njira yodziwira ndi kufunafuna pa chithunzi chomwecho chinthu chomwe mtundu wake mukuudziwa kale, n'kuona mmene filimuyo yachitulutsira.

Zizindikiro ndizo malo amene bodza limapha ntchito. Chizindikiro cha mikombero cha RAF, buluu kunja, choyera pakati, chofiira m'kati, chinali ndi miyeso yake: chakale chinkatsata 1:3:5, cha kuyambira 1947 chimatsata 1:2:3. Cha America nacho chili ndi mbiri yake: kadontho kofiira ka pakati pa nyenyezi kanachotsedwa mu May 1942, timizere toyera ta m'mbali tinabwera mu 1943, kamzere kofiira m'kati mwa timizereto mu 1947. Wodziwa amangoyang'ana chizindikiro n'kukuuzani chaka.

Nkhani ya kufiirayi imatikhudza ife a ku Zomba. Aliyense amachidziwa chipilala cha King's African Rifles chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw, m'nyengo ya mvula yoti galimoto zinkatitimira m'matope, ndipo chakudya ndi zipolopolo zambiri zinkaponyedwa kuchokera m'ndege za Dakota. Agogo anga aamuna anali komweko, ndipo mpaka ukalamba wawo ankasimba za matumba akugwa kuchokera kumwamba. Nditafuna kujambula Dakota yowakumbukira, ndinaipaka chizindikiro cha RAF chomwe ndinachizolowera, chofiira pakati. Ndinalakwitsa. Ndege za Japan zinali ndi dzuwa lofiira, ndipo pofuna kupewa kuomberana okhaokha, kuyambira 1943 ndege za RAF za kuderalo zinachotsa kufiira konse. Chizindikiro chinakhala chaching'ono, buluu woderako kunja, buluu wowala m'kati. Dakota yomwe ndinajambula poyamba ija, agogo akanaiona ikubwera ndi diso lofiira, mwina akanathawira m'dzenje.

Ngakhale mbendera yathu ili ndi msampha womwewu. Ya 1964 ndi yakuda pamwamba, yofiira pakati, yobiriwira pansi, dzuwa lofiira lotuluka lili ndi cheza 31. Mu July 2010 inasinthidwa: chofiira pamwamba, chakuda pakati, dzuwa loyera lathunthu. Mu May 2012 yakale ija inabwerera. Ngati chithunzi chanu chikuonetsa mbendera, funsani kuti ndi chaka chiti, kenako funsaninso ngati ndege imeneyo inapentedwadi mwatsopano m'nyengoyo, chifukwa lamulo limasintha tsiku limodzi koma wopenta amafika mochedwa. Ndipo chezacho chiwerengeni. Alipo amene amawerenga.

Zilembo ndi manambala musazitaipe ndi zilembo za pa kompyuta zongofanana nazo. Asilikali amapenta podutsitsa utoto pa chikombole chodula, ndipo 3 kapena 7 wawo ali ndi kaimidwe kake. Zijambuleni chimodzichimodzi kuchokera pa chithunzi. Koma kulondola sikutanthauza ukhondo nthawi zonse. Mizere itatu yoyera ndi iwiri yakuda imene inapakidwa pa ndege za D-Day, tsiku limene asilikali a Britain, America ndi anzawo anaolokera ku France, pa 6 June 1944, yambiri inapentedwa mothamanga ndi maburashi masiku omalizira, m'mphepete mwake muli mokhotakhota. Woijambula yowongoka ngati ya rula wakongoletsa mbiri.

Zonsezi zikatha, ndege imakhala idakali yafulati ngati chodulidwa pa katoni. Chomwe chimaipatsa mimba ndi kuwala ndi mthunzi, ndipo ili ndilo bodza lalikulu pa onse, chifukwa dzuwa lomwe likuwalira ndegeyi ndi lopeka. Timagwirizana kuti kuwala kukuchokera kumwamba, chakutsogolo pang'ono, ndipo kachigawo kalikonse kamvere dzuwa limodzi lomweli. Dakota ndi yozungulira ngati mgolo wogoneka: kamzere kowala chakumtunda, kenako kudera pang'onopang'ono kutsikira kumimba, ndi kuwala pang'ono pansi penipeni kochokera ku nthaka. Dornier ndi bokosi, mbali zake ndi zafulati ngati kontena. Mukaipatsa mthunzi wa mgolo mwaisandutsa ndege ina. Mbali yake imafuna mtundu pafupifupi umodzi, kusintha kwakukulu kuchitikire pa ngodya ya pamwamba ndi ya pansi. Ndipo poti phiko lake lili pamwamba, limagwetsa mthunzi pa mawindo a pakati, ngati khonde la sitolo. Mithunzi ikhale pa leya yakeyake yoikidwa pa multiply, yomwe imadetsa utoto wa pansi osaufafaniza. Galasi musalipake buluu ngati mmene tinkachitira ku pulayimale. Ndi lakuda chifukwa mukuona m'kati mwa ndege, thambo limangonyezimira pang'ono chakumtunda.

Chomaliza kupaka ndi litsiro, ndipo apa pamagwa ambiri chifukwa n'posangalatsa. Litsiro lili ndi chifukwa chake. Mwaye umachoka pa paipi ya utsi n'kutsatira njira ya mphepo, wakuda pafupi, wozilala kutali. Ndege yotera pa mabwalo afumbi imakhala ndi katondo kumimba ndi kumbuyo kwa matayala. Utoto umasupuka pomwe makaniko amaponda ndi pomwe sikuludiraiva imagwira kawirikawiri. Dzuwa limawaula pamwamba, osati pansi. Koma ndege ya asilikali ili ndi anthu oisamalira tsiku ndi tsiku. Ukaidetsa ngati lole ya makala yochokera ku Chingale, watukwana anthu amenewo. Ine ndimapaka litsiro mpaka ndikhutire, kenako ndimachepetsa mphamvu ya leyayo ndi theka.

Populinta pali chokhumudwitsa china. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pulinta imapanga ndi inki zinayi, ndipo sizigwirizana nthawi zonse. Dakota yanga ya mtundu wa azitona inatuluka pa shopu ina m'tauni muno ili yobiriwira ngati chisoso, ndalama ya A3 itapita kale. Tsopano ndimayamba ndapulinta kachidutswa kokhala ndi timabokosi ta mitundu yonse ya pa ndegeyo, pa makina omwewo ndi pepala lomwelo, n'kukakonza kunyumba.

Achimwene okonda ndege, chenjezo ili limveni: musakaime pa mpanda wa ku Airwing kapena pa geti ya Cobbe Barracks ndi foni m'manja mukuti mukusaka zithunzi zothandizira luso. Malo a asilikali ndi otetezedwa ndi lamulo, ndipo mawu akuti "ndine wojambula" sangakupulumutseni. Gwiritsani ntchito zithunzi zomwe zinatuluka kale m'manyuzipepala ndi m'mabuku, kapena pemphani chilolezo mwadongosolo. Mukafuna kugulitsa chithunzi chokhala ndi mbendera kapena chizindikiro cha boma, dziwaninso kuti kuli lamulo loteteza zinthu zimenezi, lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act.

Dornier yanga yoyamba yomwe ndinkainyadira ndinapita nayo kwa madala ena a ku tchalitchi kwathu, omwe anagwira ntchito yokonza ndege mpaka kupuma. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa. Anapukuta manja pa thalauza, anavala magalasi, anagwira pepalalo m'mphepete ndi nsonga za zala. Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayamba kudzimva kuti ndakhoza.

"Mwajambula bwino, mwana wanga. Koma mwalemba pansipa kuti ndi ya m'ma 1980?"

"Eya, bambo."

"Nanga pulopela iyi mwaitenga kuti? Masamba asanu ndi a zatsopano zija. Za nthawi imeneyo anali anayi."

Ndinali nditatengera chithunzi chooneka bwino kwambiri chomwe ndinachipeza, osafunsa kuti ndi cha mtundu uti. Ndisanayankhe, chala chawo chinatsikira pa tayala.

"Ndipo ndege yanuyi ilibe kulemera. Tayala lozungulira chonchi ndi la ndege yomwe ili pa jeke. Ikaima pansi ndi mafuta ake, tayala limaphwatalala pang'ono apa, mwendo uwu umalowa m'kati. Inu mwaiimika ngati ikuyenda chonyang'ama."

Anatenga pensulo yomwe inali kukhutu kwawo, n'kujambula kumbuyo kwa pepala langa la A3 lodula lija kamwendo ka ndege kawiri, kena kotambasuka, kena kopanikizika. Anaikanso kamtanda pamalo ena pafupi ndi mchira pomwe anati ndaiwala kachitseko komwe ankalowetsapo dzanja m'mawa uliwonse.

"Mukakonza mubwere nacho. Mubweretsenso cha mbali inayo, ndi komwe ndinkaimirira ine."

Usiku umenewo ndinatsegula fayilo, ndinazimitsa leya ya pulopela, n'kuyamba kudula pansi pa tayala mapikiselo asanu.